Tinayamba ndi Panelo Padenga, Lero Tikudzala Mapolo

Bizinesi yathu ndi yaing'ono. Timapanga magetsi kuchokera ku dzuwa, kuwasunga m'mabatire, n'kuwagawa kudzera pamapolo kwa anthu amene mawaya a kampani yaikulu sanawafikebe. Timayendetsa awiri, ine ndi mchemwali wanga: ine za mawaya, iye za mamita ndi mabuku a ndalama. Alendo akabwera amathamangira kukaona mapanelo chifukwa ndi amene amanyezimira. Koma pa zaka zimene ndagwira ntchitoyi ndaona kuti kupanga magetsi n'kopepukirako. Chimene chimatidyera ndalama ndi tulo ndi kuwafikitsa kwa munthu asanafooke, komanso pa ola limene mwiniwakeyo akuwafuna.

Poyamba tinkaika sola nyumba imodziimodzi: panelo padenga, batire ya mavolti 12 pansi (mavolti ndi muyeso wa mphamvu yokankha magetsi m'waya), kachipangizo koteteza batire kuti isadzaze mopyola, mababu angapo ndi potchajira foni. Tsiku lina bambo ena amene tinawaikira kale anabwera ndi pempho. "Amisiri, tandikokerani waya kuchoka kwanga kuno ukafike kwa mwana wanga uko, nayenso aziyatsako." Nyumba ya mwanayo inali chapatali ndithu. Ndinatenga pepala n'kukhala nawo pansi. Katundu wa mawati 100 (muyeso wa mphamvu imene chipangizo chimadya) akalumikizidwa pa mavolti 12 amakoka ma amp (muyeso wa kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya) opitirira 8, pomwe katundu yemweyo pa mavolti 230 sakoka n'theka lomwe la amp imodzi. Chimene chimatenthetsa waya ndi ma amp, ndipo ma amp akachuluka kawiri, mphamvu yotayika panjira imachuluka kanayi. Ndinawauza kuti mababu a kwa mwana wawo azingoyaka mwaulesi, pokhapokha atagula waya wonenepa amene mtengo wake ungapose wa panelo yatsopano. Bambowo anapukusa mutu n'kunena kuti, "Ndiye a kampani yaikulu aja amatha bwanji kuwayendetsa mtunda wonse uja?"

Funso lawolo ndi limene linatembenuza bizinesi yathu, ndipo ndi funso lakale. Mu 1882 Thomas Edison anatsegula siteshoni yake ya Pearl Street mumzinda wa New York. Inkapereka magetsi oyenda mbali imodzi, amene timawatcha DC, pa mavolti 110, ndipo inkangofikira nyumba zapafupi chifukwa cha vuto lomweli. Njira inapezeka ndi magetsi opita n'kubwerera, a AC, amene George Westinghouse ndi Nikola Tesla anawalimbikira. Ubwino wake ndi woti amalola thiransifoma kukweza kapena kutsitsa mavolti. Pofika 1896, magetsi opangidwa pa mathithi a Niagara anali atafika mumzinda wa Buffalo ku America. Mpaka lero ndondomeko yake ndi yomweyo. Jenereta ya pasiteshoni imatulutsa mavolti apakati pa 11,000 ndi 25,000, thiransifoma imawakweza kufika pa 132,000 kapena 400,000 kuti ayende pa zinsanja zazitsulo zija, kenako amatsitsidwa kufika pa 33,000 kapena 11,000 akayandikira kwa anthu. Thiransifoma yomaliza, ija mumaiona itakhala pakati pa mapolo awiri, ndi imene imawatsitsa kufika pa 230 kuti alowe m'nyumba. Ku North America amatsitsa mpaka pa 120.

Titaona kuti anthu oyandikana akufuna magetsi onse, tinaganiza zosiya kumwaza timabatire nyumba ndi nyumba. Tinasonkhanitsa mapanelo pamalo amodzi, tinamanga kachipinda ka mabatire, tinagula inveta yosandutsa DC kukhala AC wa mavolti 230, n'kuyamba kudzala mapolo. Mchemwali wanga ndiye anaumirira kuti nyumba iliyonse ikhale ndi mita yolipiriratu. Anati ngongole ya magetsi imadanitsa anthu oyandikana, ndipo ndinagwirizana naye.

Tisanagule chilichonse ndinafuna kumvetsa mmene ena amapangira magetsi, kuti ndidziwe chimene chingatikwanire. Magetsi ambiri padziko amachokera ku chinthu chimodzi: maginito ozungulira pafupi ndi waya wa kopa wokulungidwa. Michael Faraday anasonyeza zimenezi mu 1831, ndipo jenereta iliyonse, kaya yonyamula pamanja kaya ya pasiteshoni yaikulu, imatsata mfundo imeneyi. Kusiyana kuli pa chimene chikuzungulitsa. Malasha amawotchedwa kuti awiritse madzi, nthunzi yake n'kukankha zipsepse za makina otchedwa turbine. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a padziko lonse limachokerabe ku malasha, ngakhale kuti kutentha kochuluka kumangotayika ndipo utsi wake umawononga mpweya. Siteshoni ya nyukiliya nayo imawiritsa madzi, kungoti kutentha kwake kumachokera ku yureniyamu. Gasi amayaka m'kati mwa makina n'kuwazungulitsa mwachindunji. Pa damu sipafunika moto, madzi otsika kuchokera pamwamba ndi amene amakankha zipsepse. Damu la Three Gorges pa mtsinje wa Yangtze ku China limatha kutulutsa mamegawati 22,500 (megawati imodzi ndi mawati miliyoni imodzi). Mphepo ndinaisirira kwambiri, koma ili ndi khalidwe lake: liwiro lake likachuluka kawiri, mphamvu imachuluka kasanu ndi katatu, ndipo likatsika mphamvunso imagwa chimodzimodzi. Pamalo pamene mphepo imangowomba mwa apo ndi apo, makina ake amakhala chiimire.

Sola yokha ndi imene ilibe chozungulira. Kuwala kukagunda timagawo ta silikoni, magetsi amayamba kuyenda pomwepo, mwakachetechete. Yoyamba yothandizadi inapangidwa ku Bell Labs, malo a kafukufuku ku America, mu 1954 ndipo inkasandutsa magawo 6 okha pa 100 aliwonse a kuwala kukhala magetsi. Mapanelo a masiku ano amafika pa magawo 20 kapena kupitirirako. Tinasankha sola chifukwa siifuna mafuta ndipo ntchito yake yaikulu ndi kupukuta fumbi.

Vuto la dzuwa ndi loti limalowa pa nthawi imene anthu akufika kunyumba n'kuyatsa zonse. Mawaya sasunga magetsi. Babu likayaka, mphamvu yake iyenera kuchokera kwinakwake pa sekondi yomweyo. N'chifukwa chake mtima wa bizinesi yathu uli m'kachipinda ka mabatire. Mabatire a mtovu safuna kutsitsidwa kupyola theka, apo ayi amafa msanga. A lithiyamu amalola kutsika kwambiri ndipo amakhalitsa, ndiye tikusinthira kumeneko pang'onopang'ono pamene ndalama yalola. Mitambo ikatsekereza masiku otsatizana timalizitsa jenereta ya dizilo, ngakhale sitiikonda chifukwa imadya phindu.

Jenereta imeneyi ndi imene imandionetsa ndi makutu zimene zimachitika pa mawaya a dziko lonse. Imazungulira ka 1,500 pa mphindi kuti magetsi azipita n'kubwerera ka 50 pa sekondi. Wina akayatsa makina olemera, mumamva injini ikubuula, utsi wakuda n'kutuluka, mababu n'kuphethira, kenako imakoka mafuta ambiri n'kubwerera pa liwiro lake. Masiteshoni akuluakulu nawo amachita chimodzimodzi onse pamodzi. Anthu akakoka mphamvu yoposa imene ikupangidwa, majenereta onse amayamba kuchepa liwiro, ndipo oyang'anira amayenera kuwonjezera siteshoni ina msanga kapena kuzimitsira madera ena. Akapanda kutero makina amadziteteza okha n'kudzimitsa, dziko lonse n'kukhala mumdima. Kuzimitsa magetsi mosinthanitsa madera kumapweteka, koma gwero lake ndi limeneli.

Ife tinakumana nazo kudzera mwa kasitomala wathu wowotcherera zitsulo. Akangokhudzitsa ndodo pachitsulo madzulo, inveta inkazima ndipo nyumba zonse zinkada. Ndinapita kukacheza naye. "Achimwene, ine ndalipira, ndiye muzindiuzanso nthawi yogwirira ntchito?" anandifunsa, nkhope itachita tsinya. Ndinamutenga masana kupita naye kukachipinda kuja. Dzuwa linali pamutu, mabatire atadzaza kale, ndipo galasi la inveta linkaonetsa kuti mapanelo akungotulutsa kachigawo ka zimene angathe chifukwa panalibe wokoka. Mchemwali wanga ndiye anabweretsa yankho: magetsi a masana akhale otsika mtengo kuposa a madzulo. Wowotcherera uja anasintha nthawi yake, wa pampu ya madzi anatsatira, ndipo amayi a mafiriji anayamba kuziziritsa kwambiri masana kuti usiku makina azipumako. Sitinawonjezere panelo kapena batire, koma kuzima kwa madzulo kunatha.

Pali chinthu chimodzi chimene sitikambirana ndi aliyense. Munthu amene ali ndi jenereta yakeyake saloledwa kuilumikiza ku nyumba popanda swichi yosankha mbali imodzi. Popanda swichi imeneyi magetsi ake amabwerera m'mawaya a pamapolo, ndipo mnyamata wathu amene wakwera polo akudziwa kuti tazimitsa akhoza kufera pomwepo. Nyumba iliyonse timaikhomeranso ndodo ya kopa pansi ndi kuiikira chodulira magetsi msanga akayamba kudutsa mwa munthu. Ntchito zina n'zosaoneka koma sizitha: kusadza nthambi zokhudza mawaya, kumanga zolumikizira zimene zamasuka n'kuyamba kutentha, kuyeza mavolti kunyumba yakumapeto kwa mzere nthawi ya madzulo.

Kuyeza kumeneku ndi kumene kwatiuza kuti tafika pamalire. Nyumba zakumapeto zikulandira mavolti ochepa, ndipo kupitirira pamenepo kuli mabanja ena amene akutifunsa mwezi ndi mwezi. Kuti tiwafikire tifunika mathiransifoma awiri, ina yokweza kufika pa 11,000 ina yotsitsa kumapeto, mapolo ataliatali, komanso chilolezo china kuchokera ku bungwe loyang'anira za mphamvu. Mapepala ake tapereka kale, ndipo anyamata awiri amene tikuwaphunzitsa ayamba maphunziro ogwira mawaya a mavolti okwera.