Mabuku a akuluakulu m'masewera a nthano apatebulo

Masiku ano ndikuwerenga mbiri ya masewera aja omwe anthu amakhala mozungulira tebulo, mmodzi n'kumayendetsa nthano, enawo aliyense n'kutenga munthu wake wa m'nthanomo, madayisi n'kumagamula ngati lupanga lalasa kapena laphonya. Kholo la ambiri mwa masewerawa ndi Dungeons & Dragons, yomwe Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974. Pomwe ndakhalitsa ndi pa mabuku owonjezera olembedwera akuluakulu okha, okamba za kugonana, ukapolo, kuzunza anthu ndi mankhwala ozunguza bongo.

Mu 2002 kampani ya Wizards of the Coast, eni ake a Dungeons & Dragons, inatulutsa Book of Vile Darkness, lolembedwa ndi Monte Cook, lokhala ndi chenjezo loti ndi la anthu okhwima maganizo. Muli malamulo a nsembe za anthu ndi zida zozunzira. Chaka chotsatira kampani ina yaing'ono inakonza Book of Erotic Fantasy. Wizards inasintha mgwirizano wa chizindikiro chake cha d20, chosonyeza kuti buku likuyendera malamulo a masewera ake, n'kuikamo lamulo loletsa zolaula, choncho bukulo linatuluka lopanda chizindikirocho, podalira Open Game License ya mu 2000, chilolezo cholola makampani ena kugwiritsa ntchito malamulo a masewerawo.

Kodi mabuku otere ali ndi ntchito? Ine ndikuti ali nayo, koma siili m'manambala. Kuponya dayisi kuti tidziwe ngati wozunzidwa waulula chinsinsi sikulemeretsa nthano, kumangosandutsa ululu wa munthu kukhala masamu, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima. Phindu ndimaliona buku likamathandiza woyendetsa masewera kuganiza mozama. Mfumu yoipa iipe ndithu, osewera amve chifukwa chake akumenyana nayo. Ukwati wa munthu ndi elf, cholengedwa cha m'nthano chonga munthu chomwe chimakhala zaka mazanamazana, ubweretse mafunso a ana, chuma chamasiye ndi umasiye wautali. Nkhani zotere malamulo a nkhondo sazifikira, koma anthu akuluakulu amazidziwa bwino.

Chomwe chandidabwitsa kwambiri n'chakuti njira ina yodziwika yotetezera osewera inachokera m'buku la mtundu womwewu. Mu Sex & Sorcery, la mu 2003, Ron Edwards anasiyanitsa zinthu ziwiri: zomwe gulu lagwirizana kuti sizilowa m'nthano ngakhale pang'ono, ndi zomwe zingachitike koma kuseri kwa katani, osazifotokoza. Awiri akalowa kuchipinda, woyendetsa amangoti kunja kwacha, nthano n'kupitirira. Pambuyo pake John Stavropoulos anabweretsa X-Card, kakhadi kolembedwa X koikidwa pakati pa tebulo. Wina akakagwira, nkhaniyo imasiyidwa pomwepo ndipo safunsidwa chifukwa.

Chenjezo la pachikuto limangonena za msinkhu. Silidziwa kuti pakati pa anthu asanu akuluakulu omwe akhala patebulopo, wina anagwiriridwapo kapena waika mwana wake posachedwa. Munthu wotere kawirikawiri sanena pagulu, amangoleka kubwera. N'chifukwa chake kabuku ka Consent in Gaming, komwe kampani ya Monte Cook Games inatulutsa mu 2019, ndakakonda. Kali ndi mndandanda wa nkhani zovuta, ndipo wosewera aliyense amachonga yekha chobiriwira, chachikasu kapena chofiira masewera asanayambe. Woyendetsa akatolera mapepalawo amadziwa masamba a buku lake omwe angatsegule ndi omwe awasiye otseka, popanda kuumiriza aliyense kufotokoza zomwe zinamuchitikira.