Fungo la mkungudza ku Luchenza

Ndafika kuno ku Chilomoni dzuwa litalowa kale, ndipo ngakhale ndasamba m'manja kawiri, zala zanga zikununkhirabe mkungudza. Ndimafuna kugona msanga poti mawa ndi tsiku la ntchito, koma mawu amene mmisiri wandiuza tili pakhonde la nyumba ija ku Luchenza akungozungulira m'mutu, choncho ndati ndiwalembe mwina angandisiye.

Zoti nyumbayi ikugulitsidwa ndinamva kwa alamu anga sabata yatha. Ili chapafupi ndi njanji, sitolo kutsogolo ndi zipinda zogona kumbuyo, monga ankamangira amwenye ochita malonda amene anatsatira masiteshoni sitima itayamba kufika ku Blantyre mu 1908. Mtengo umene akutchula sukufika ngakhale pa poloti yopanda kanthu ku Chileka. Munthu amene wakhala pa lendi zaka 14 ngati ine, amene alandilodi amukwezera kawiri chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, akamva mtengo woterowo saganizanso bwino. N'chifukwa chake ndinatenga mmisiri wachikulire amene anatimangira mpanda kutchalitchi, kuti akaone ndi maso opanda chilakolako.

Iye sanafulumire kulankhula. Anazungulira nyumba yonse akugogoda makoma ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, kenaka n'kundisonyeza kuti njerwa ndi zowotcha koma anazimanga ndi dothi, pamwamba n'kupaka laimu. Khoma la kumbuyo lili ndi mng'alu wolowa dzanja, umene mwini nyumba akuti unatseguka ndi mvula ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Siling'i yafufuma ndi zitosi za mileme, malata adyeka ndi dzimbiri moti dzuwa limalowa timadontho, ndipo atakwera pa mpando n'kubaya phaso limodzi, sikuludiraiva inangolowa ngati mu chigumu, fumbi la chiswe n'kumuthira kumaso. Apa mtima wanga unali utayamba kale kubwerera ku Limbe. Koma potuluka anaima pa chitseko cha kutsogolo, n'kupala felemu pang'ono ndi mpeni kuchotsa penti wobiriwira wa zaka zambiri, ndipo pansi pake panaoneka thabwa loyera, louma gwa, lopanda boo ngakhale limodzi. Ananunkhiza, n'kundipatsa kachibenthu kuti nanenso ndinunkhize. "Abwana, uwu ndi mkungudza wa m'phiri la Mulanje, chiswe sichiuyandikira," anatero, ndipo anakhala kanthawi akusisita felemuyo. Mtengo umenewu, umene ndi mtengo wa fuko lathu, anaudula mpaka kutsala pang'ono kutheratu m'phirimo, ndipo m'nyumba muja mafelemu onse, zitseko zisanu ndi mashelefu a m'sitolo ndi a mtengo womwewo.

Ndinayesa kuti munthu amene wasisita thabwa motero andiuza kuti tiikonze nyumbayo. Iye anandikokera kumapeto kwa khonde n'kutsitsa mawu. "Gulani, abwana, koma muzidziwa kuti mukugula poloti. Gwetsani zonsezi, njerwa tiyalire maziko, zitseko ndi mafelemu mugulitse kwa anthu a malo ogona alendo, ndalama yake mugulire simenti." Nditamutsutsa anandifotokozera modekha, ndipo chondipweteka n'chakuti zifukwa zake n'zomveka. Khoma lomangidwa ndi dothi mukalipaka pulasitala wa simenti, chinyontho chimatsekeredwa m'kati, ndipo pakapita nyengo zingapo za mvula pulasitalayo amasupuka ndi njerwa zomwe. Amisiri odziwa kukanda laimu atsala owerengeka, iye mwini anaphunzira ali mnyamata ndipo sanagwirenso ntchito yotero kwa zaka zambiri. Pa nyumba yatsopano angathe kundiwerengera matumba a simenti ndi malata lero lomwe, koma pa yakale sangalonjeze kanthu, chifukwa chimene chili pansi pa maziko chidzadziwika tsiku limene adzakumbe.

Sindikudziwa kuti mwini nyumba anamva zochuluka bwanji. Ndi mayi wachikulire, wamasiye, ndipo anatipeza pomwepo atanyamula tiyi ndi mbatata yophika. Atakhala pansi anandifunsa mosazungulira: "Mwanangu, mukugula kuti mukhalemo kapena kuti mugwetse?" Ine ndinangoti, "Tiona, amayi," yankho la munthu wamantha limene ndikuchita nalo manyazi mpaka pano. Sanandikakamize. Anangoloza pansi pafupi ndi pamene ndinaponda, pomwe pali timaenje tinayi tosalala pa simenti yofiira ya khonde, n'kunena kuti ndi pamene pankaima miyendo ya makina osokera a malemu amuna awo. Bamboyo anali telala wa pakhonde la mwenye, akusoka nsalu zimene anthu agula m'sitolomo, ndipo boma la Dr. Banda litalamula m'zaka za m'ma 1970 kuti amwenye achoke m'matauni ang'onoang'ono akachitire malonda m'mizinda ikuluikulu, telala uja ndiye anatsala ndi nyumbayo, akulipira pang'onopang'ono. Anafotokoza zonsezi mosadandaula, ngati akundiuza mtengo wa tomato, kenaka n'kuwonjeza kuti akufuna kukakhala kwa mwana wawo wamkazi chifukwa mvula ikamagwa usiku amagona atakhala tsonga.

Za mapepala ndiye nkhani ina. Anawatulutsa m'jumbo, ndipo liizi ikadali m'dzina la malemu, kutanthauza kuti nyumbayo ndi chuma chamasiye, pomwe mwana wamwamuna amene ali ku Johannesburg sanavomerebe zogulitsa. Mnzanga wina loya, nditamuimbira ndili m'minibasi, wandiletsa kupereka ngakhale tambala mpaka patakhala kalata za kukhoti zosonyeza woyang'anira chumacho ndiponso titafufuza m'kaundula wa malo.

Komabe si mapepala amene akundisowetsa tulo. Ndimadutsa kawirikawiri pa Mandala House, yomwe inamangidwa mu 1882, ndipo ndakhala ndikuuza anzanga monyadira kuti ife Amalawi timagwetsa zakale mopanda chisoni, timangofuna magalasi ndi matailosi. Kulankhula kotero kunali kosavuta chifukwa denga la Mandala silidalira malipiro anga. Lero, mmisiri akuwerenga zimene ndingapeze pogulitsa zitseko zija, ndinadzipeza ndikuwerengera naye limodzi mumtima, ndipo ndinafika mpaka pa chiwerengero cha matumba a simenti mayi aja asanatulukire ndi tiyi. Ndakwiyira mmisiriyo njira yonse kuchokera ku Thyolo mpaka ku Limbe, chonsecho iye wangochita ntchito imene ndinamutengera.

Akunyumba nditawafotokozera andimvetsera mpaka kumapeto, kenaka n'kufunsa funso limodzi lokha, kuti kodi ku Luchenzako akakhaleko ndani pomwe ntchito yanga ili ku Ginnery Corner ndipo ana sukulu ali nayo konkuno. Ndayankha kuti ndi ya popuma ntchito, iwo n'kuti khoma la mng'alu lija silidikira penshoni. Sitinakangane, angotenga malaya anga kuti akawanyike, ndipo m'thumba apezamo kachibenthu ka mkungudza kaja n'kukaika pa tebulo pano pafupi ndi nyali.

Mayi aja anandipempha kuti ndiwaimbire Lachisanu, akatha kulankhula ndi mwana wawo wa ku Johannesburg. Funso lawo lija adzalibwereza ndithu, ndipo mmisiri naye wanditumizira kale uthenga wofunsa ngati ayambe kufunafuna ogula zitseko. Sindinamuyankhe.