Sabata ya mapepala mu fakitale ya zida za galimoto

Lolemba m'mawa, ndisanavule n'komwe jekete, foni ya pa desiki inali ikulira kale. Anali dalaivala wa lole yochokera ku Czech Republic, bambo wa ku Poland amene amatibweretsera katundu kawiri pamwezi. Anawoloka nyanja usiku kuchokera ku Calais kufika ku Dover, koma mmalo molunjika kuno ku West Midlands, m'chigawo cha pakati cha England, a kasitomu anamulamula kuti akhotere ku Sevington, pafupi ndi Ashford, kumene amayendera katundu wolowa m'dziko. Kulemera kwa katundu pa invoyisi kunasiyana ndi kumene tinalemba pa fomu yathu. Amene ankapakira anawonjezera paleti imodzi ya mabawuti osatiuza.

Ntchito yanga ndi yokonza mapepala a kasitomu mu fakitale yopanga zitsulo za mipando ya galimoto ndiponso mapaipi oziziritsira mabatire. Ntchitoyi ndinaiphunzirira kwathu, pa chipata cha Mwanza, kumene ndinkathamanga ndi mafayilo a malole ochokera ku Beira ndi ku Johannesburg. Nditafika ku Britain ndinkaganiza kuti luso limeneli ndalisiya m'mbuyo, chifukwa nthawi imeneyo lole inkachoka ku Birmingham kupita ku Stuttgart ngati ikuchoka ku Limbe kupita ku Zomba. Fakitale yathu inalibe ndi munthu mmodzi yemwe wa mapepala a malire a ku Ulaya. Kuyambira pa 1 Januwale 2021, dziko lino litatulukiratu mumsika wa EU, mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya (kutuluka kumene amakutcha Brexit), tilipo atatu, ndipo ntchito imatichulukira.

Kuti munthu amvetse chifukwa chimene paleti imodzi imatitayitsira tulo, ayenera kudziwa mmene galimoto imapangidwira masiku ano. Kampani yolumikiza galimoto sisunga zida zambiri. Zimafika ola lomwe zikufunika, n'kulunjika pa mzere wa makina. Ifeyo tikachedwa, mzere wawo umaima, anthu mazana amangoima chiimire, ndipo bilu yake imabwera kwa ife. Dongosolo limeneli linamangidwa poganiza kuti pakati pa England ndi France pali madzi okha.

Ndinakonza fomu, ndinaimbira ajenti wathu ku Dover, ndinadikira. Mmene ankamumasula dalaivala uja madzulo, maola ake ololedwa kugwira ntchito anali atatha. Kachipangizo ka m'lole kamalemba mphindi iliyonse, ndipo lamulo silola kuti apitirire asanapume. Anagona m'lole momwemo. Pa foni anangoti, "Mayi, mwana wanga ali ndi phwando la kusukulu Lachitatu, sindifikanso." Ndinasowa chomuyankha.

Mzere wathu sunaime, chifukwa tili ndi nyumba yosungiramo katundu imene kampani inayamba kuchita lendi mu 2019, pamene aliyense ankaopa kuti dziko lituluka popanda mgwirizano uliwonse. Tinatapa mabawuti kumeneko. Koma nyumba imeneyo ndi ndalama zogona pa mashelefu, ndalama zimene zikanagula makina atsopano.

Lachiwiri ndinalithera pa nkhani imene anthu akunja kwa ntchito yathu saidziwa, koma ndi imene ikulamula chilichonse: chiyambi cha katundu. Mgwirizano umene Britain ndi EU anafika pa 24 Disembala 2020 unati sipakhala msonkho pa malonda a pakati pawo, ndipo anthu ambiri anapumira m'mwamba. Chimene sichinamveke kwenikweni ndi chakuti ufulu umenewu ndi wa katundu wopangidwadi ku Britain kapena ku EU. Galimoto ya petulo iyenera kukhala ndi zinthu zakunja kwa Britain ndi EU zosapitirira 45 peresenti ya mtengo wake. Ikapitirira, imalipira msonkho wa 10 peresenti polowa ku Ulaya. Pa galimoto ya mapaundi 30,000, amenewo ndi mapaundi 3,000, ndipo palibe kampani imene imapeza phindu lokwanira kumeza ndalama zotere pa galimoto iliyonse.

Choncho kampani yolumikiza galimoto imafunsa aliyense wa ife ogulitsa zida kuti asaine kalata yotsimikizira kumene chida chake chachokera. Ife timafunsanso amene amatigulitsa. Zitsulo za mipando sizivuta, chifukwa timagula chitsulo chosaumba n'kuchidula, kuchipinda ndi kuchiwotcherera konkuno. Chimene chimandiumitsa mutu ndi kachida kena ka pa mapaipi a batire, kamene mbali yake yaikulu timaigula yopangidwa kale ku Asia. Pa chimenechi zakunja siziyenera kupitirira theka la mtengo. Mwezi watha tinali pansi pa theka limenelo pang'ono chabe. Paundi ikangogwa pang'ono, kapena wotigulitsa akakweza mtengo, chida chomwecho, chopangidwa ndi manja omwewo pa makina omwewo, chimasiya kukhala cha ku Britain pamaso pa lamulo. Ndinawerengera katatu ndisanapereke pepala kwa abwana kuti asaine. Pa zokambirana za 2020, Britain inapempha kuti zida za ku Japan ndi ku Turkey ziziwerengedwa ngati zakwathu, koma EU inakana, ndipo kukana kumeneko ndi kumene ndimakumana nako pa kompyuta yanga Lachiwiri lililonse.

Galimoto zamagetsi ndiye zili pa mpeni. Batire ndi gawo lalikulu kwambiri la mtengo wa galimoto, ndipo mabatire ambiri amachokera ku China ndi ku South Korea. Malamulo anayenera kukhwima mu Januwale 2024, koma makampani a mbali zonse ziwiri analira, kampani yopanga galimoto ya Stellantis mpaka kuchenjeza aphungu kuti mafakitale ake ali pangozi, ndipo mu Disembala 2023 anagwirizana zoimika kaye mpaka kumapeto kwa 2026. Kuyambira 2027 galimoto yamagetsi idzafunika 55 peresenti ya zinthu za ku Britain kapena EU, kuchoka pa 40. Mafakitale a mabatire ndi ochepa. Ilipo ya AESC ku Sunderland, ina ya Tata ya mapaundi 4 biliyoni inalengezedwa mu 2023 kuti imangidwe ku Somerset, pamene Britishvolt, imene anthu a ku Northumberland anaiyembekezera kwambiri, inagwa mu Januwale 2023 isanapange batire logulitsa.

Usiku umenewo ndinacheza pa foni ndi achimwene anga amene akadali pa ntchito ya malire kwathu. Nditawafotokozera, anati, "Mlongo, ndiye satifiketi ya SADC yomwe ija, kungoti yanu ili pa kompyuta." Ananenadi zoona. Anandikumbutsanso kuti Tanzania inatuluka mu COMESA mu 2000, koma malonda ake ndi Malawi anatsamira pa SADC. Britain inalibe mgwirizano wina wa oyandikana nawo woti itsamirepo.

Lachitatu kunabwera akuluakulu atatu ochokera ku likulu la kampani yathu ku Ulaya. Pali oda yatsopano ya zida za galimoto yamagetsi, ya zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ankafuna kusankha kumene aike mzere wa makina ake: kuno kapena ku fakitale inzathu ya ku Slovakia. Pansi anakolopa mpaka kuwala, anyamata anavala maovolo atsopano. Ine anandiitana kwa mphindi makumi awiri zokha. Mayi wa zachuma sanafunse za luso la antchito athu, amalidziwa kale. Anafunsa kuti fomu iliyonse imatidyera ndalama zingati, malole angati anachedwa chaka chatha, ndipo malamulo a 2027 adzakhaladi monga analembera kapena adzasinthanso. Mafunso awiri oyambawo ndinayankha ndi manambala. Pa funso lachitatulo ndinangowauza zimene zalembedwa mumgwirizano. Analemba kanthu m'kabuku kake, osakweza maso.

Apa ndi pamene ndimaona kuti bala lenileni lili. Anthu ankayembekezera kuti Brexit ikavulaza, tidzaona mageti akutsekedwa tsiku limodzi. Mwini mpamba sachita phokoso chotero. Makina amene akuika lero amafuna adzabweze ndalama zake pa zaka khumi, ndiye akaona kuti mawa sakuoneka bwino, amangosunga ndalama m'thumba kapena kuzipititsa kwina. Bungwe la opanga galimoto la SMMT linawerengera kuti ndalama zatsopano zimene makampani analengeza kuti athira mu ntchitoyi zinali pafupifupi mapaundi 2.5 biliyoni mu 2015, koma mu 2018 zinatsika kufika pa mapaundi 589 miliyoni. Apo n'kuti dziko lisanatuluke n'komwe, anthu atangovotera kutuluka mu EU mu Juni 2016. Mu Febuluwale 2019 Nissan inasintha maganizo opangira galimoto yake ya X-Trail ku Sunderland, mzinda umene anthu 61 pa 100 alionse anavotera kutuluka. Mu 2016 dziko lino linapanga galimoto zoposa 1.7 miliyoni. Mu 2024 sizinafike 800,000. Ndipo mwa galimoto khumi zilizonse, pafupifupi zisanu ndi zitatu zimagulitsidwa kunja, zoposa theka la zimenezo ku EU komweko.

Lachinayi pa nkhomaliro ndinakhala ndi bambo wina wachikulire wosula zikombole za makina, amene wagwira ntchito pano zaka zoposa makumi atatu. Iwo anavotera kutuluka, ndipo sabisa. Ndimawalemekeza kwambiri, chifukwa ndi amene anandiyendetsa mu fakitale muno sabata yanga yoyamba n'kundiphunzitsa dzina la chida chilichonse. Anandiuza kuti ndisamakankhire zonse pa Brexit. Honda itatseka ku Swindon mu Julayi 2021, anthu pafupifupi 3,500 n'kutaya ntchito, eni ake ananena okha kuti chifukwa chake chinali kusintha kwa msika wa dziko lonse. Anatchulanso kugwa kwa galimoto za dizilo, mliri wa Covid, kusowa kwa tizipangizo ta kompyuta ta m'galimoto, ndi kukwera mtengo kwa magetsi a m'mafakitale. Anawonjezera kuti Nissan yomweyo inalonjeza mu Novembala 2023 kuthira ndalama zofika mapaundi 2 biliyoni ku Sunderland.

"Zonsezo n'zoona, bambo," ndinatero. "Koma mavuto amenewo a ku Slovakia anakumana nawonso. Chimene iwo alibe ndi desiki yanga."

Anakhala chete akutakasa tiyi. Kenako anati chimene ankafuna mu 2016 n'chakuti anthu a ku London awamveko, chifukwa dera lino linaiwalika kalekale, mafakitale akuluakulu atayamba kutsekedwa iwo ali mnyamata. Sindinawatsutse. Mdzukulu wawo akumaliza sukulu chaka chino, ndipo ankafuna kuti adzalowe muno kuphunzira ntchito ya manja.

Yankho linafika Lachisanu cha m'ma 3 koloko masana. Mzere watsopano ukupita ku Slovakia. Kalatayo inayamikira ntchito yathu, n'kunena kuti makasitomala awiri mwa atatu a zida zimenezi ali mkati mwa EU, ndipo n'kwanzeru kupangira pafupi nawo. Palibe amene wachotsedwa ntchito. Maoda amene tili nawo apitirira mpaka mitundu ya galimoto imene timaipangira zida idzasiye kupangidwa. Koma ophunzira ntchito amene tinkati tilembe mu Seputembala sitilembanso, ndipo malo amene tinasesa kumapeto kwa holo kuti pakhale makina atsopano aikapo mashelefu ena.

Abwana anasonkhanitsa a shifiti ya masana n'kuwawerengera kalatayo. Bambo osula zikombole aja anamvetsera manja ali m'thumba, kenako anabwerera ku benchi yawo. Ine ndinakwera ku ofesi, chifukwa lole ya Lolemba inali ikupakira kale ku Czech Republic. Ndinaimbira opakirawo ndi kuwapempha kuti awerenge mapaleti ine ndili pa foni, imodzi imodzi, asanatseke chitseko.