Basi itatifera pafupi ndi Changara

Ndinanyamuka pa Wenela Lachinayi m'mawa, mwezi wa Okutobala, suti yosita bwino ili m'chikwama, m'thumba muli pepala la mawu oti ndikayankhule pa ukwati wa mlongo wanga ku Joni Loweruka. Ine ndine munthu wa mapulani. Ndinali nditawerengera kale kuti pa Park Station ndikatsika Lachisanu usiku, ndikagone, ndikadzuke ndili bwinobwino.

Anzanga a m'basimo, kunena zoona, ndinkawaona ngati ondichedwetsa. Ambiri anali amayi a geni, ali ndi matumba a mpunga wa Kilombero, usipa wouma, nandolo ndi zigubu za chiponde. Pachipata cha Mwanza ndi ku Zóbuè tinakhalitsa chifukwa cha katundu ameneyu, ine maso ali pa wotchi, ndikutsonya.

Tinadutsa Moatize pakati pa malole a malasha, n'kuwoloka Zambezi pa Tete. Titatsala pang'ono kufika ku Changara, pomwe msewu wa ku Zimbabwe umasiyana ndi wopita ku Chimoio, m'basi munamveka fungo la mphira wopserera. Adalaivala anaimika pambali. Lamba wa injini anali ataduka, paipi ya madzi nayo itaphulika.

Kutentha kwa ku Tete mu Okutobala amene angakumvetse ndi wa ku Nsanje yekha. Milambe inali mbuu, yopanda tsamba, ngakhale mbuzi zinkalimbirana kamthunzi ka thunthu. Ndinamulondola kondakitala n'kuyamba kumukalipira pamaso pa anthu, ndikutchula ndalama zomwe ndinalipira. Mnyamatayo anangopukuta thukuta n'kunena kuti, "Bwana, kalipani ndithu, koma lamba ali ku Tete."

Foni yanga inalibe netiweki. Makwacha anga kumeneko anali mapepala chabe. Madzi ndinatenga botolo limodzi lokha poopa kuvutika ndi chimbudzi panjira, ndipo linatha dzuwa lisanapendeke. Ndinakhala pandekha pamwala, ndikudziyesa wolimba mtima.

"Achimwene, bwerani kuno, dzuwa limenelo likuphani. Mwadya?"

Anali mayi wachikulire uja amene matumba ake ndinkawang'ung'udzira ku Mwanza. Ndinanama kuti ndadya. Anangondiyang'ana, n'kundipatsa chigumu ndi kapu ya thobwa. Ndinamwa manja akunjenjemera.

Zimene ndinaona madzulo amenewo sizinali m'mapulani a munthu aliyense. Amayiwo anapita kumudzi wapafupi, n'kumayankhulana ndi eni mudzi, iwo Chichewa, enawo Chinyungwe, ndipo ankamvana ndithu. Anasinthanitsa mpunga ndi nkhuni, ufa ndiponso miphika yobwereka. Usipa woti akagulitse marandi unalowa mumphika. Ine, munthu wa mu ofesi, ananditumiza kumjigo pamodzi ndi anyamata awiri, chigubu cha malita 20 paphewa. Ndinapita maulendo atatu. Palibe anandifunsa ntchito yomwe ndimagwira ku Blantyre. Kondakitala uja ndi amene anandithandiza. Pepani yanga inatuluka movutikira, iye n'kungoti, "Zimachitika, bwana."

Lachisanu masana makaniko anali asanabwere. Dalaivala wina wa lole anandibwereka foni, ndinamuimbira mlongo wanga. Ndinkayembekezera kuti alira. M'malo mwake anati, "Achimwene, bola muli moyo. Mawuwo ayankhula amalume, musadandaule."

Apa ndi pomwe panandiwawa kuposa dzuwa lija. Chimwalirireni bambo athu, chilichonse cha pabanja pathu chimadzera kwa ine: fizi, maliro, chinkhoswe, milandu ya malire a munda. Ndinkadandaula kuti andilemetsa, koma pansi pa mtima ndinkakondwa kuti popanda ine palibe chingayende. Ndiye pano ukwati unkayenda, ine ndili pansi pa mlambe ndikutsuka mbale za anthu osawadziwa. Ndinawafotokozera amayi aja. Anaseka mpaka kutsokomola. "Nanga mumafuna auimike, mwana wanga? Tatengani mphika uwo mukabweze."

Lamba anafika Lachisanu usiku. Loweruka m'mawa tinadinditsa mapasipoti pa Cuchamano ndi pa Nyamapanda, ndipo nthawi yomwe mlongo wanga ankalowa m'tchalitchi ife tinali tisanafike n'komwe ku Harare. Amayi a geni aja anandiimbira nyimbo za ukwati m'basimo, ena akululutira, ine ndikuseka misozi ili m'maso. Pa Beitbridge tinaima pamzere usiku, ndipo matumba a mpunga aja ndinkatsitsa nawo ndine.

Pa Park Station tinafika Lamulungu. Alamu anga atsopano ndi amene anabwera kudzandilandira, ndipo anandipeza nditavala malaya a masiku anayi, ndikununkha utsi ndi usipa, nditasenza thumba la amayi aja kupita nalo pokwerera matakisi. Suti ija inabwerera ku Blantyre osavalidwa. Pepala la mawu ndinamupatsa mlongo wanga kuti awerenge yekha, ndipo anati amalume anayankhula mwachidule kuposa ine, anthu n'kudya msanga.