Tabatizitsa mwana, koma pepala la ulimbitso linatisowetsa mtendere

Mwana wathu wabatizidwa, ndipo mtima wanga wakhala pansi tsopano. Ngati muli ndi khanda ndipo mukufuna kulibatizitsa mu Mpingo wa Katolika, musanapite n'komwe ku ofesi ya parishi, khalani pansi ndi munthu amene mwamusankha kuti akhale mayi kapena bambo wa ubatizo. Mufunseni kumene anabatizidwira, kumene analandirira sakramenti la ulimbitso, ndiponso ngati ali ndi pepala losonyeza zimenezo. Akakuyankhani kuti “aa, zimenezo ndinachita kalekale”, muuzeni akuonetseni pepalalo. Kwa ife zina zonse zinayenda bwino, koma pa ichi chokha tinatsala pang'ono kuphonya tsiku.

Zoyambirira sindichedwapo, mukuzidziwa. Mumauza atsogoleri a mphakati wanu, mumaonana ndi akatekisiti, mumadzaza fomu, amakuuzani tsiku loyamba maphunziro. Parishi iliyonse ili ndi kachitidwe kake, ndiye kafunseni kwanuko. Pofika ku ofesi mukhale mutagwirizana kale dzina la mwana ndi kalembedwe kake. Mpingo sukakamiza kuti likhale dzina la woyera mtima, umangopempha kuti lisakhale losemphana ndi chikhristu.

Maphunziro a makolo ndinawakonda kwambiri, ndipo ndikukupemphani kuti musawaone ngati chinthu chongokuchedwetsani. Akatekisiti athu, bambo achikulire ofatsa, anatifunsa tsiku loyamba lomwelo kuti, “Amayi ndi abambo, mwanayu akadzayamba kulankhula, pemphero lake loyamba adzalimva kwa ndani?” Tonse tinangoti duu. Anatifotokozera kuti Mpingo umabatiza khanda pamene pali chiyembekezo chenicheni chakuti lidzaleredwa m'chikhulupiriro, ndipo chiyembekezocho ndife makolo. Wansembe akamafunsa pa khomo la tchalitchi kuti mukumupemphera chiyani mwanayu kwa Mpingo wa Mulungu, woyankha ndinu. Pokana Satana ndi ntchito zake zonse, mumakana inuyo ndi pakamwa panu. Kuyambira sabata imeneyo ine ndi amuna anga tinayambiranso kupemphera pamodzi madzulo, chinthu chimene chinali chitazilala pakhomo pathu.

Tsono nayi nkhani ya oimirira mwana. Malamulo a Mpingo, amene anakhazikitsidwa mu 1983, akunena pa nambala 874 kuti mayi kapena bambo wa ubatizo akhale wa zaka 16 kupita m'mwamba, pokhapokha ngati Ambuye Episkopi anaika msinkhu wina kapena bambo mfumu aona chifukwa chomveka chololera wocheperapo. Akhale Mkatolika wolandira kale ulimbitso ndi Ukaristia, wa moyo wogwirizana ndi chikhulupiriro, ndipo asakhale bambo kapena mayi womubala mwanayo. Mutha kukhala ndi mmodzi yekha, kapena awiri, mwamuna ndi mkazi. Mkhristu wa mpingo wina, wa Chipulotesitanti mwachitsanzo, atha kuimapo ngati mboni chabe, limodzi ndi woimirira wa Chikatolika. Zonsezi ndilibe nazo vuto. Munthu amene akulonjeza kuthandiza mwana wanga kuyenda ndi Khristu ayeneradi kukhala woti iye mwini akuyenda naye.

Ife tinasankha alamu anga, achemwali a amuna anga. Ndi mayi opemphera, amaimba kwaya, amayendera odwala, ndipo mwanayu atabadwa ndi iwo amene anagona nane kuchipatala. Panalibe zoganizaganiza. Ofesi yathu inati abweretse kalata yochokera kwa bambo mfumu wa parishi imene amapemphera panopa. Kumeneko anawauza kuti amawadziwa bwino, koma sangalembe kalata popanda umboni wa ulimbitso. Alamu anafufuza m'sutikesi n'kupeza kakhadi kawo ka ubatizo, kachikasu, kong'ambika m'mapindiro. Pa mzere wa ulimbitso panalibe kanthu.

Vuto lake n'lakuti iwo anabatizidwa ali khanda ku parishi ina, ulimbitso analandirira kusukulu yogonera komweko, m'parishi inanso, ndipo lero akukhala m'parishi yachitatu. Anthu ambiri ndi otero, n'chifukwa chake ndikubwereza kuti funsani msanga.

Tinauzidwa kuti tipite kumene anabatizidwira, poti zonse za mkhristu zimakalembedwa kumeneko. Alamu anapempha tchuthi kuntchito, ine ndinabereka mwana, tinalawirira. Tinafika ofesi isanatsegulidwe. Pakhomo panali pepala la nthawi zogwirira ntchito, koma nthawi yotsegulira inakwana n'kudutsa, chitseko chili chitsekere. Mlembi atafika anatimvetsera ataimirira, n'kutiuza kuti mabuku akale ali m'kabati, kiyi ali ndi bambo mfumu, ndipo bambo mfumu apita kukachita Misa kunthambi. Tinafunsa kuti abwera nthawi yanji. “Dikirani, amayi.” Tinakhala pa benchi la pakhonde. Mwana analira, ndinamuyamwitsa, anagona, anadzuka n'kuliranso. Matewera amene ndinatenga anatha. Palibe amene anatuluka kudzatiuza ngakhale liwu limodzi, ndipo nthawi ya nkhomaliro mlembi anakhoma chitseko n'kutidutsa ngati palibe anthu.

Dzuwa litapendeka kiyi anapezeka. Anatulutsa buku lalikulu la chikuto chakuda, lomangidwa ndi chingwe kuti masamba asagwe. Mlembi ankatsegula pang'onopang'ono, akutsata mizere ndi chala, inki itafufuma moti mayina ena sankaoneka bwino. Dzina la alamu linapezeka, la apongozi anga onse awiri lilipo, la wansembe wowabatiza lilipo. Mbali ya kumanja, kumene kumalembedwa za ulimbitso ndi za ukwati, inali yoyera. Mlembi anatseka bukulo n'kunena kuti, “Amayi, pano palibe. Ngati sizinalembedwe ndiye kuti simunalandire. Mungosankha munthu wina.”

Mawu amenewo ndi amene akundipwetekabe. Kudikira ndikanapirira, ndikudziwa kuti ansembe ndi ochepa ndipo nthambi n'zambiri. Koma kuuza mayi amene akukumbukira bwinobwino tsiku limene anagwada pamaso pa Ambuye Episkopi, mafuta a krisma ali pamphumi, kuti sanalandire, chifukwa choti munthu wina zaka zambiri zapitazo sanatumize kalata? Alamu anga sanayankhe. Anangopinda kakhadi kawo n'kuika m'chikwama, misozi ili lengelenge. Panjira anandiuza kuti, “Mlamu, musavutike nane, pezani wina, mwana asachedwe chifukwa cha ine.” Ndinakana.

Chimene mlembiyo akanatiuza, ndipo sichikanamutengera ngakhale mphindi ziwiri, ndi ichi. Ulimbitso umalembedwa poyamba m'kaundula wakewake, amene amasungidwa ku likulu la dayosizi kapena ku parishi imene mwambowo unachitikira. Kenako bambo mfumu wa kumeneko amayenera kudziwitsa parishi imene munthuyo anabatizidwira kuti akalembe m'mbali mwa dzina lake. Zili pa nambala 895, ndipo nambala 535 ikunena kuti zolembedwa m'mbalizo zizioneka pa chiphaso cha ubatizo nthawi zonse. Ndiye m'buku la ubatizo mukapezeka mopanda kanthu, sizitanthauza kuti sakramenti silinaperekedwe. Nthawi zambiri ndi uthenga chabe umene sunafike. Pitani kumene mwambo unachitikira. Kukakanika kumeneko, kafunseni ku ofesi ya dayosizi. Izi anatiuza ndi akatekisiti athu aja nditawadandaulira, ndipo anachita kupukusa mutu kuti tinabwezedwa popanda kuuzidwa.

Ndisanaiwale, palinso nkhani ya zopereka, imene inachitika izi zonse zisanayambe. Tsiku lolembetsa anayang'ana khadi lathu la zopereka n'kupeza miyezi ina yosalembedwa, nthawi imene amuna anga anali pa ulova. Wina mu ofesimo anati dzina la mwana sililowa pa mndandanda mpaka titamaliza zotsalira. Ine kupereka ku Mpingo ndimakhulupirira. Magetsi a m'tchalitchi, mafuta a galimoto yopita kwa odwala, malipiro a ogwira ntchito, zonsezi zimachokera m'matumba mwathu, ndipo ndi udindo wathu. Koma sakramenti siligulidwa. Nambala 848 ikuletsa kupempha zoposa chopereka chimene akuluakulu a Mpingo anakhazikitsa, ndipo ikuchenjeza kuti wosauka asamanidwe masakramenti chifukwa cha umphawi wake. Ndinapempha kuonana ndi bambo mfumu. Nditafotokoza anangoti, “Amayi, mwana alembedwe. Zinazo mudzapereka Mulungu akakupatsani.” Nkhani inathera pomwepo. Ngati mwakumana ndi zotere musakangane ndi wa pa desiki, komanso musabwerere kunyumba n'kukhala chete ndi manyazi. Pemphani mwaulemu kuti mulankhule ndi wansembe.

M'gulu lathu la maphunziro munali mtsikana wina wolera yekha mwana, amene anasiya kubwera atamva mphekesera zakuti ana obadwa kunja kwa ukwati sabatizidwa. Amayi a mumphakati anakamutenga kunyumba kwake. Lamulo silikunena zimenezo. Likunena za chiyembekezo chija chakuti mwana adzaleredwa m'chikhulupiriro, ndipo ngakhale pamene chikusoweratu, ubatizo umangoimitsidwa kaye ndipo makolo amayenera kuuzidwa chifukwa chake. Papa Francis analemba mu 2013 kuti Mpingo si malo okhometsera msonkho koma ndi nyumba ya Atate, ndipo anadzudzula kangapo ansembe okana kubatiza ana a amayi osakwatiwa. Mwana wa mtsikanayo anabatizidwa tsiku limodzi ndi wathu.

Tibwerere kwa alamu. Ulendo uno tinayamba taimba foni, ndipo inunso muzitero. Funsani tsiku limene wosunga mabuku amakhalapo, funsani ngati kiyi alipo, perekani dzina lonse monga linalili nthawi imeneyo, mayina a makolo ndi chaka chimene mukuganizira. Amayi okwatiwa, kumbukirani kuti m'bukumo muli dzina la kwanu, osati la amuna anu. Ku parishi ya kusukulu kuja tinalandiridwa ndi asisitere ena okalamba amene anali atatsegula kale bukulo tisanafike. Dzina la alamu linalipo, pakati pa mayina a atsikana anzawo, pamodzi ndi dzina la woyera mtima limene anasankha. Analemba chiphaso, bambo mfumu anasayina n'kudinda chidindo, ndipo analonjeza kutumiza uthenga kumene alamu anabatizidwira kuti mpata uja udzazidwe. Ntchito yake ndi yomweyo, mabuku ake ndi ofanana, koma kuno tinatuluka tikumva kuti ndife a m'nyumbamo. Ndimaganiza za woyang'anira ndende wa ku Filipi pa Machitidwe 16, amene anabatizidwa usiku womwewo pamodzi ndi a m'banja lake. Sindikunena kuti mabuku atayidwe, ayi, ndi mabuku omwewo amene anatipulumutsa. Ndikungoti wokhala mu ofesi ya parishi adziwe kuti nayenso ali pa utumiki, chimodzimodzi wowerenga Mawu kapena wotumikira pa guwa. Alipo anthu amene anasiya kupemphera chifukwa cha yankho limodzi la pa desiki.

Zina ziwiri zimene ndinaphunzira m'njiramo. Ngati vuto lanu ndi umboni wa ubatizo weniweniwo, mwina mabuku anapsa kapena anasowa, Mpingo umalola umboni wa munthu mmodzi wodalirika amene analipo, kapena lumbiro la mwini wake ngati anabatizidwa ali wamkulu. Chachiwiri n'chofunika koposa: mwana akadwala mwakayakaya simudikira kalata ya wina aliyense. Itanani wansembe, ndipo ngati palibe, munthu aliyense wokhala ndi cholinga chochita zimene Mpingo umachita atha kumuthira madzi pamutu akunena kuti ndikukubatiza m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera. Pambuyo pake mukadziwitse parishi kuti akalembe.

Za tsiku lenilenilo sindinena zambiri. Fikani msanga, tengani chovala choyera ndi kandulo ngati parishi yanu sipereka, ndipo mwana mumuveke zosavuta kumasula pakhosi, chifukwa amadzozedwa mafuta pachifuwa asanathiridwe madzi. Wathu analira madzi atamukhudza, alamu anamupukuta ndi manja onjenjemera, amuna anga anayatsa kandulo pa kandulo wa Pasaka.

Mwambo ukatha musathamangire zithunzi. Pitani kumene akulembera, muone ndi maso anu zimene zalowa m'kaundula: dzina la mwana, mayina a makolo, a oimirira, tsiku ndi malo obadwira, tsiku la ubatizo. Chilembo chimodzi cholakwika lero chidzamuvutitsa pa Ukaristia woyamba, pa ulimbitso, mpaka pa ukwati kapena pa malumbiro ngati Mulungu adzamuitana. Chiphasocho chijambuleni pa foni, mutumizireko oimirira, chenichenicho muchisunge m'pulasitiki. Ndipo amene muli ndi ana olandira ulimbitso chaka chino, pakapita miyezi ingapo kafunseni ku parishi imene anabatizidwira ngati uthenga unafika ndipo walembedwa.