Zikomo inu amene munathandiza kumaliza buku la achinyamata

Mlembi wathu atagonekedwa m'chipatala ndi malungo, buku lake la achinyamata linali litatsala machaputala 4 osakonza. Inu akondakitala a minibasi amene munatola fulashi ya zolembazo n'kutibwezera osapempha kalikonse, zikomo kwambiri.

Aphunzitsi a Chichewa, mwakana kuti tikutchuleni, koma ndinu munachonga ndi cholembera chofiira paliponse pamene mtsikana wa zaka 15 ankayankhula ngati agogo ake, miyambi mbwee. Tinasiyako iwiri yokha. Ana a Fomu 3 munatiwerengera mokweza, ife n'kumaona pamene mwayamba kuyasamula: panali pa tsamba 6, lofotokoza mudzi ndi mitengo yake. Tinalichotsa lonse. Pano nkhani ikuyambira pa mkangano wa fizi, ndipo mlembi atachira anangolemba mathero basi.