Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Mgodi wa m'manja

Sabata yatha ndinalekezera pamene ndinachoka ku Yeoville kukakhala ku Cosmo City, nditapeza ntchito ya m'gadeni ku Randburg. Lero ndipatukako pang'ono, ndikambe nkhani imene ena a inu mundiseka nayo. Sekani ndithu. Bambo wa ana awiri, imvi zitayamba kale kumera, ndinatha chaka chonse cha 2022 ndikusaka tizilombo ta m'gemu.

Mwana wa abwana anga ankapita ku yunivesite ku Cape Town, ndipo tsiku lolongedza katundu anandininkha Nintendo Switch yake, galasi lake litang'aluka pakona. Munali gemu imodzi yokha, Pokémon Brilliant Diamond. Ine mumtima ndinali nditagulitsa kale, mpaka kuwerengera feteleza amene ndalamayo ikagule kwathu ku Ntcheu. Cholakwika chinali kudzera nayo kwa achemwali ku Rosettenville. Mwana wawo, wobadwira konkuno, wa Chichewa chothyokathyoka, anangoiona n'kundigwira mkono.

"Amalume, musagulitse. Tayesani kaye."

Ndiye anandikhazika pansi ngati mwana wa Sitandade 1. Akuti gemuyi inatuluka koyamba ku Japan mu 2006 pa kamakina kotchedwa Nintendo DS, ndipo mu November 2021 anaikonzanso. Maziko ndi akale omwe aja, angofolera malata atsopano. Umayamba uli kamwana m'kamudzi ka Twinleaf, m'dera la Sinnoh limene analijambula potengera chilumba cha Hokkaido. Akupatsa tizilombo titatu kuti usankhepo kamodzi: kakamba Turtwig, kanyani ka moto Chimchar, ndi kambalame ka m'madzi Piplup. Ndinatenga Piplup chifukwa cha kamimba kake, basi.

Ukalowa pa udzu wautali kachilombo kamakudumphira. Uyenera kukafooketsa kaye, koma osapitirira muyeso mpaka kukakomola, kenako uponye kampira kokagwirira. Ukapupuluma kamaphulika n'kutuluka. Nditagwira kachitatu ndinaseka ndekha, poti zimenezi ndinazidziwa kalekale kudambo, ndi ulimbo ndi misampha ya mbewa. Choncho ndinayamba kutitcha mayina akwathu. Starly ndinamutcha Mpheta. Bidoof, wa mano awiri otuluka panja, anakhala Fuko. Mpheta uja anakula mpaka kusanduka chimbalame cholusa chotchedwa Staraptor, koma dzina sindinasinthe. Kumudzi munthu ngakhale atakhala nduna, amayi ake amamuitanabe dzina la paubwana.

Mwana wa achemwali uja ankadandaula kuti gemu yatsopanoyi anaifewetsa kwambiri, komanso anthu ake anawajambula ndi zimitu zikuluzikulu ngati zidole. Chinkamunyansa kwambiri n'chakuti kachilombo kamodzi kakapambana nkhondo, anzake otsala m'thumba nawo amakula ngakhale sanamenye.

"Iwe," ndinamuuza, "umenewo ndiye moyo wa ku Joni. Wogwira fosholo mmodzi, odya khumi. Kafunse amayi ako."

Achemwali anaseka ali kukhitchini mpaka kutsokomola.

Chaka chimenecho magetsi ankathima kangapo patsiku, nthawi zina maola anayi osabwera. Ndinkatchaja kamakinako m'galaja kuntchito, n'kukakulunga m'ovolosi, chifukwa m'takisi sungatulutse chinthu chotero. Madzulo, nditadya nsima ya ufa wa kuno yosamveka kukoma kwa mgaiwa, ndinkagona chagada mumdima, kuwala kuli kumaso kokha.

Akatswiri amathamangira mabaji 8 kuti akalimbane ndi ngwazi ya dera lonse. Ine ndinakatsakamira pansi pa nthaka. Ukafika mumzinda wa Eterna, pali nkhalamba ina imene imakupatsa zida zokumbira, ndipo kuchokera apo ukhoza kutsikira ku mapanga otambalala pansi pa Sinnoh yense, otchedwa Grand Underground. Khoma likang'anima, uyamba kugogoda. Hamala imaswa malo aakulu koma imagwedeza khoma. Piki imachotsa pang'onopang'ono. Pamwamba pamaoneka mng'alu umene umatalika ukamenya kulikonse, ndipo ukafika kumapeto khoma limagwa, chimene sunachimalize kufukula chapita. Kangati ndinaona theka la mwala wokongola, n'kuchita dyera ndi hamala, n'kutsala chimanjamanja!

Usiku wina khoma litandigwera kachisanu, ndinaika kamakinako pachifuwa n'kukumbukira agogo anga aamuna, bambo a amayi. Iwo anabwera ku Joni kuno ndi Wenela, kudzakumba golide weniweni. Anabwerera kumudzi ndi thiranki yachitsulo, wilesi, chipewa ndi njinga, ndipo Fanakalo, chilankhulo cha m'migodi, sinkachoka pakamwa pawo akakwiya. Ulendo wawo womaliza unalephereka mu 1974, pamene ndege yonyamula anthu a m'migodi inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi opitirira 70, Kamuzu n'kuletsa Wenela kulembanso anthu kwathu. Ndili mwana ankandiuza kuti pansi pamafunika khutu kuposa dzanja: mwala ukayamba kulira, siya zonse, thawa. Ine ndinkangomva ngati nthano za kalulu. Milu yachikasu ya dothi la m'migodi ndinkaiona nthawi zonse popita ku Rosettenville, osaiganizira kanthu. Mpaka kagemu ka ana ndi kamene kanandichititsa kuti Lamlungu lotsatira ndiyang'ane pawindo la takisi n'kudzifunsa kuti mulu uti uli ndi thukuta la agogo.

Ndinaimbira foni amayi kuwafunsa dzina la mgodi wawo. Anati iwo ankangodziwa kuti ndi ku Joni. Kenako anafunsa za feteleza.

Mabaji aja ndinawapeza onse, mochedwa, pofika October. Akuluakulu anayi oyang'anira khomo lopita kwa ngwazi ija ndinawadutsa movutikira. Amene anandiimitsa ndi ngwaziyo, mayi wa tsitsi lalitali ndi zovala zakuda, Cynthia. Chilombo chake chomaliza, Garchomp wa levulo 66, chimagwedeza nthaka kamodzi kokha, Piplup wanga amene anali atakula kukhala Empoleon n'kugwa ngati thumba la chimanga. Amene amati gemuyi ndi yofewa sanandione usiku umenewo. Ndinagonja kasanu ndi kawiri, ndipo ukagonja pamenepo uyambiranso kwa woyamba wa anayi aja.

Mwana wa achemwali anati vuto ndi Fuko.

"Amalume, muchotseni ameneyo, ndi wofooka. Bweretsani ndikumalizireni, mphindi 20 zokha."

Ndinakana zonse ziwiri. Fuko ndinamugwira tsiku loyamba, pa udzu wa kuseri kwa Twinleaf, ndipo sindikanamusiya pakhomo lomaliza chifukwa cha mayi wa eni ake.

Mu December ndinakwera basi yopita kumudzi, ulendo wa masiku awiri kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, kamakinako kali pansi pa chikwama. Mwana wanga wamkazi wa zaka 9 anakapeza usiku woyamba, ndisanamasule n'komwe matumba a shuga ndi mafuta ophikira. Sanafunse za Cynthia. Anafunsa kuti n'chifukwa chiyani kachilombo kena kali ndi dzina la Fuko, ndipo ngati kamadyedwa. Za ulendo umenewo, ndi zimene ndinapeza m'thiranki ya agogo, tidzakambirana sabata yamawa.